Ulusi wa pa Chipeso Chothyoka

Amisiri anadziwa kuti alakwa tsiku lomwelo limene anabweza jomboyo. Mlamu wawo, mng'ono wa malemu akazi awo, anaitembenuza kawiri, n'kukanikiza soli ndi chala.

"Mwasoka, alamu?"

"Yagwira," anayankha, maso ali pa nsapato ina.

Silinali bodza lenileni. Soli ya jombo ya kumanzereyo inagwiradi, koma ndi guluu yekha. Munthu amene wasoka nsapato zaka makumi atatu ndi zisanu, m'kashopu kopanikizika pakati pa telala ndi wokonza mawailesi, sachita kuuzidwa kuti guluu ndi wa nsapato zoyenda pa simenti. Akakumana ndi madzi ozizira amauma gwa, kenako amasweka ngati chigoba cha dzira. Jombo ya kuphiri imafuna kusokedwa, ndipo imafuna ulusi wopaka phula la njuchi, woti madzi asaudye.

Ulusiwo unalipo, m'kachitini pansi pa benchi. Koma unali womaliza.

Kupaka phula inali ntchito ya akazi awo. Lamlungu masana ankakhala pakhonde, ulusi ataukoleka ku chala cha phazi, n'kumaukoka pa chibenthu cha phula mpaka uchite psuu. Phulalo linadyeka pakati, n'kusiya kabowo kofanana ndi chala chawo chachikulu. Ulusi womalizawo anaukulunga pa chipeso chothyoka, kutatsala sabata imodzi kuti agonekedwe m'chipatala. Panapita miyezi inayi chimwalirire, Amisiri osaukhudza ulusiwo, phulalonso osalikhudza. Ulusi wa m'sitolo wobwera utapakidwa kale anaunyoza moyo wawo wonse, ndipo sakanayamba kuugula imvi zili mbuu. Ankangomata ndi kukhoma timisomali, ndipo anthu a m'tauni sankadandaula.

Koma mlamuyo jombo sankaifunira m'tauni. Loweruka linali tsiku la phiri.

Gulu lokwera phirilo linali la anthu asanu ndi atatu, tsopano asanu ndi awiri. Ankakwera kamodzi pachaka, m'mwezi wozizira kwambiri, ati njoka zimakhala zitabisala ndipo thukuta silivuta. Malemuwo anakwera nawo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo nthawi zonse ankakhala kumbuyo kwa mzere. Akabwerako madzulo ankaviika mapazi m'beseni la madzi ofunda n'kuyamba lipoti. "Anesi chidendene cha kumanja chadyekera kunja. Adalaivala akukoka phazi, kutsogolo kwatsala pang'ono kuyasama." Lolemba, anthuwo akamadutsa pashopu, Amisiri ankangoloza ndi singano. "Vulani imeneyo." Eni ake ankangogwira pakamwa.

Amisiri eni ake sanakwereko n'kamodzi komwe. Ankati kuphiri kulibe kasitomala.

Lachisanu lonse ntchito sinayende. Akanatha kupita kwa mlamu wawo, mseu wachitatu chabe kuchokera pashopu, n'kunena kuti, "Bweretsani jombo ija." Anatseka chitseko kawiri kuti apite, kawiri konse anabwerera pa mphambano. Pakamwa pawo panali polemera chibadwire, ndipo mawu akuti ndinalakwa anali olemera kuposa onse.

Loweruka m'mamawa, dalaivala akupukuta magalasi a minibasi yake pamalo omwetsera mafuta, anaona munthu akubwera, jekete yakuda pamwamba pa majuzi awiri.

"Ee! Maso angawa kodi? Amisiri! Shopu yapsa?"

"Ayi."

"Nanga jekete ya ukwatiyi mukupita nayo kuti?"

"Kuphiri."

Onse anatembenuka. Mlamu wawo, amene gulu linkamutchula kuti Aphunzitsi, anatsika m'minibasi, manja ali m'chiuno.

"Alamu, inu masitepe a kuchipatala aja munkapumira kawiri. Phiri mukulidziwa?"

"Ndimaliona."

"Kuliona pawindo!"

Anthu anaseka. Kenako Amisiri anatulutsa chipewa chaubweya chofiira m'thumba n'kuchivala, ndipo kuseka kunazilala, chifukwa aliyense anazindikira kuti chipewacho chinali cha malemu. Nesi wa gululo, mayi wamtali wosachedwa kulamula, anasuntha chikwama chake.

"Khalani apa, bambo, pali kutentha kwa injini."

Patsinde pa phiri panabuka nkhani imene aliyense ankaizemba. Gululo linali ndi kachitidwe kake. Akaima kuti apume, wotsogolera ankafunsa kuti, "Tilipo?" Aliyense ankatchula nambala yake kuyambira kutsogolo, ndipo wa kumbuyo sankatchula nambala, ankangoti, "Ndatseka." Mawu amenewo asanamveke, palibe ankakhala pansi kapena kutsekula fulasiki. Tsopano wotseka kunalibe.

"Ndikhala kumbuyo," anatero Amisiri.

Palibe anatsutsa. Mlamu wawo, amene chaka chilichonse ankatsogolera, anapereka wezulo kwa nesi.

"Tsogolerani inu lero. Bondo langa silili bwino."

Bondo lake linalibe vuto. Amisiri anadziwa kuti akufuna kuyenda pafupi nawo, awayang'anire, poganiza kuti chisoni ndicho chawatulutsa m'nyumba ndipo angakomoke panjira. Sanamuwongole. Kumeneko n'kumene ankamufuna, mapazi awiri okha patsogolo pawo.

Njira inayamba m'nkhalango ya paini, pansi pali pofewa. Mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Atatuluka m'mitengomo anapeza udzu utayera ndi mame ouma ngati mchere, ndipo mphepo inawalandira osapereka moni. Inalowa m'khosi mwa jekete, inatulukira m'mikono. Makutu a Amisiri anayamba kuwawa ngakhale anali m'chipewa, mawondo akulira ngati zitseko zakale.

Kumbuyo kwa mzere munthu saona phiri. Amaona zidendene. Amisiri anaona chidendene cha nesi chikupendekera kunja, monga mmene ankauzidwira. Anaona dalaivala akukoka phazi la kumanja, phazi la mabuleki. Anaona kalaliki wa kubanki akuponda ndi zala zokha ngati akuopa kudzutsa munthu. Nsapato zonsezo anazigwirapo m'manja, ankazidziwa mkati ndi kunja, koma anali asanazionepo zikugwira ntchito. Ndiye izi n'zimene ankaona mayi uja zaka zonsezi, anaganiza choncho, ndipo kwa kanthawi kuzizira anakuiwala.

Koma maso ankabwerera pa jombo imodzi.

Poima koyamba nesi anafunsa, "Tilipo?" Nambala zinatsika mzere, wani, thuu, mpaka seveni wa mlamu wawo. Kenako zii. Onse anayang'ana kumbuyo. Amisiri anangokweza dzanja.

"Tawaona, alipo," anatero nesi msangamsanga. "Tiyeni timwe tiyi."

Dzuwa litakwera pang'ono, lopanda mphamvu ngati nyali ya batire lotha, anafika pa kamtsinje. Anthu ankadumpha pamiyala. Mlamuyo anaphonya mwala womaliza, phazi la kumanzere n'kulowa m'madzi mpaka m'kakolo.

"Mayo! Madzi awa ali ndi mano!"

Atakwera kutsidya, Amisiri anaona chimene ankachiopa. Kutsogolo kwa jombo kunaoneka kamzere kakuda, kopyapyala ngati tsitsi. Anatsekula pakamwa. Nthawi yomweyo mlamuyo anacheuka.

"Mwatopa, alamu?"

"Ayi."

"Mukatopa munene. Pano si pochitira manyazi."

Anagwedeza mutu, ndipo mpata unadutsa. Anadziuza kuti anena poima pena. Poima penapo kalaliki anali pakati pa nkhani yaitali ya bwana wake, ndipo anadziuza kuti anena nkhaniyo ikatha. Kamzere kaja kanakula. Singano ndi chipeso zinali m'thumba la mkati, zikuwagunda pachifuwa sitepe iliyonse.

Chifunga chinatsika atayandikira pamwamba, pamene njira imadutsa pathanthwe lotsetsereka. Panamveka phwa, ngati munthu waomba m'manja kamodzi. Soli inapindikira pansi, mlamuyo anapunthwa, n'kugwa chogwada. Ndodo yake inatsetsereka pathanthwepo mpaka inasowa m'chifunga.

Amisiri ndiwo anayamba kumugwira mkono. Nesi anaimba wezulo, onse anabwerera, ndipo anamukhazika kuseri kwa mwala waukulu. Bondo linangosupuka. Jombo ndiyo inali itayasama kuchokera ku zala mpaka pakati, sokosi yonyowa ili panja.

"Aphunzitsi, jombo yanu simunaipatse chakudya m'mawa?" anatero dalaivala. "Taonani kukamwako."

Palibe anaseka kwenikweni. Nesi anavula sokosi ija, n'kutsina chala chachikulu cha mlamuyo.

"Mukumva?"

"Pang'ono."

"Zala zayera izi. Kutsika ndi maola atatu, miyala yokhayokha, ndi kamtsinje kaja. Phazi ili silingayende lopanda jombo."

"Timange ndi mpango," anatero dalaivala.

"Mpango pathanthwe lonyowa? Mukufuna titole munthu kuphompho?"

Kalaliki ananyamula jomboyo, n'kusuzumira mkati mwa soli. "Koma iyi angoimata. Ulusi palibe ngakhale umodzi. Munakonzetsa kwa ndani, Aphunzitsi?"

Atangofunsa anazindikira yekha, chifukwa gulu lonse linkakonzetsa pamalo amodzi. Mlamuyo sanayang'ane kwa Amisiri n'komwe.

"Kwa wina wake kumsika," anatero. "Ndinali pa changu. Ndalakwa ndekha."

Amisiri anaona khomo litatsekuka, loti atulukirepo dzina lawo lili loyera. Mayi ameneyu phazi lake linali litachita dzanzi chifukwa cha iwo, bondo likutuluka magazi, koma anali kuwafunditsa iwo. Zimenezo zinawalasa kuposa mphepo.

"Ndine," anatero.

"Alamu..."

"Ndinamata. Sindinasoke. Munandifunsa, ndinakuzembani. Ndinaiona ikuyamba pa kamtsinje paja. Sindinanene."

Anali mawu ambiri kuposa amene gululo linawamvapo kwa iwo chaka chathunthu. Anagwada, anatenga jombo m'manja mwa kalaliki, n'kutulutsa singano ya ngowe ndi chipeso chija. Mlamuyo atachiona anagwira dzanja lawo.

"Ulusi wa akulu anga uwu."

"Eya."

"Womaliza?"

"Eya."

"Ndiye bwezani m'thumba. Andibereka adalaivala."

"Ine?" anatero dalaivala. "Msana wanga uli ndi ana asanu, Aphunzitsi."

Amisiri anali atayamba kale kumasula ulusi. Koma atati agwire singano, inagwa. Anaitola, inagwanso. Zala zimene zinkapisa ulusi ngakhale magetsi atazima zinali ngati timitengo ta munthu wina. Anazipumira mpweya, anazimenya pantchafu, osathandiza. Anakhala chogwada, akuyang'ana manja awo, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anachita mantha enieni.

Nesi sanachedwe. "Nonse imani uku, misana ku mphepo. Gundanani, musachite ngati simudziwana. Akalaliki, tiyi. Adalaivala, tsekulani jekete."

"Nditsekule chifukwa?"

"Manja a Amisiri alowe m'khwapa mwanu."

"Ha! Akazi anga akamva?"

"Ndikawauza ndine. Tsekulani."

Anthu anayi anaima mogundana ngati mpanda, ndipo mphepo inachepa kuseri kwawo. Amisiri, munthu amene ngakhale pamaliro a akazi awo sanalole kugwiridwa paphewa, anapezeka manja awo ali m'khwapa mwa dalaivala, maso ndi maso.

"Mayo, ndi ayezi ameneyu!" analira dalaivala. "Amisiri, mukadzandisokera nsapato mudzakumbukire khwapa limeneli."

Nesi anapukuta phazi la mlamuyo n'kulilowetsa m'juzi yake, pamimba. Amisiri anasolola dzanja limodzi, anavula chipewa chofiira, n'kuchipereka kuti akulungire zala za mlamuyo. Mphepo inawaluma padazi, koma sanasamale.

Zala za Amisiri zinabwerera ndi ululu, ngati zikubayidwa ndi timisomali. Anafumbata kapu ya tiyi pang'ono, kenako anatenga singano, ndipo ulendo uno inakhala. Ulusi unali utauma ndi chisanu. Anauika m'kamwa kuti ufewe, ndipo fungo la phula linawakwera m'mphuno, fungo la manja a akazi awo Lamlungu madzulo. Anatseka maso kamphindi.

Chitsulo chokhomerapo nsapato chinali kushopu, choncho dalaivala anapana jombo pakati pa mawondo. Dzanja la Amisiri linali lalikulu ndi lolimba, losatha kukola ulusi mkati mwa jombo yonyowa.

"Alamu, dzanja lanu."

Mlamuyo anapisa dzanja m'jombo. Iwo ankaboola soli ndi chikopa, iye ankakoleka ulusi pa ngowe mkatimo, iwo ankakoka, n'kupisa nsonga inayo, n'kumanga. Koyamba anaphonya katatu. Kenako manja anamvana.

"Tinkadziwatu, Amisiri," anatero kalaliki, msana uli ku mphepo, mano akugundana. "Zoti kazitape wanu anali mayi aja."

"Ine ndinkayesa dala kuponda bwino akakhala kumbuyo kwanga," anatero dalaivala. "Lolemba ndimvekere, vulani imeneyo. Ndinati banja ili ndi la afiti."

"Tinkawaseka kuti ndi kamba," anatero nesi. "Chaka china ndinawaona akuthamangira chipewa chimenechi chitauluka ndi mphepo. Mbawala! Kumbuyo ankangokufuna okha."

Amisiri sanadzutse mutu, koma mawu aliwonse anawatola. Miyezi inayi anthu ankabwera kudzawauza kuti malemu anali munthu wabwino, ndipo mawuwo ankangotsetsereka ngati madzi pa labala. Awa okha, a kazitape ndi kamba, ndiwo analowa.

Ulusi unkachepa pa chipeso. Anatalikitsa masokedwe pang'ono m'mbali, n'kuthinitsa kutsogolo kumene jombo imamenya miyala. Atafika pomwe soli inali yogwira, anamanga mfundo ziwiri n'kudula ndi mano. Kanatsala kaulusi kotalika ngati chala chaching'ono. Chipeso chinakhala chopanda kanthu.

Mlamuyo anachitenga, n'kuchitembenuza. "Chipeso ichi ndinachithyola ndine, tili atsikana. Sanandilankhule sabata yathunthu. Sindinkadziwa kuti anachisunga."

Anafuna kubweza, koma Amisiri anapinda zala zake pa chipesocho n'kukankhira dzanjalo kwa iye. Kaulusi kaja anakaika m'thumba la mkati.

Wina anapereka sokosi youma, wina pepala la pulasitiki lokutira phazi. Mlamuyo anavala jombo, anaimirira, anaponda kamodzi, kawiri, kenako anamenya mwala ndi kutsogolo kwake mwadala.

"Mwasoka, alamu?"

"Ndasoka."

"Ndiye tikutsikiranji? Kanyumba ka pamwamba kali apa pomwepa."

Nesi anayang'ana thambo, anayang'ana phazi, n'kuvomera. Kalaliki anapereka ndodo yake. Anakwera pang'onopang'ono, ndipo Amisiri, chipewa chili kumutu kachiwiri, anabwerera pamalo pawo kumbuyo. Mlamuyo atatsalira pang'ono kwa anzake, iwo anakonza kukhosi.

"Bodza lija la kumsika."

"Lachita chiyani?"

"Zikomo."

"Nanga lanu lija la yagwira?"

"Silidzabwereranso."

"Chabwino. Chifukwa ulendo wina ndidzakumenyani nayo jomboyo."

Pamwamba panali kanyumba ka miyala kopanda chitseko, ndi chifunga mbali zonse. Tauni sinkaoneka, chigwa sichinkaoneka, ngakhale mtengo wapafupi unkangooneka mthunzi.

"Pepani, Amisiri," anatero dalaivala. "Mwavutika ulele. Lero kulibe choona."

"Ndaona," anatero iwo.

Nesi anaima pakhomo pa kanyumbako. "Tilipo?"

Nambala zinatsika mzere. Seveni anatchula mlamu wawo, kenako aliyense anayamba kumasula chikwama, poganiza kuti kubwera dzanja lokwezedwa ngati poyamba paja.

"Ndatseka," anatero Amisiri.

Mawuwo anatuluka okhakhala, osakweza. Nesi anayang'ana kumbali n'kuyamba kulimbana ndi chivindikiro cha fulasiki chimene sichinali cholimba. Dalaivala anamina mwamphamvu n'kunena kuti chimfine cha kuphiri n'choipa.

Potsika, maola atatu onse, maso awo sanachoke pa jombo ya kumanzere. Inaponda miyala, inalowanso m'kamtsinje kaja, inatuluka. Ulusi wa mayi uja unkakwera ndi kutsika patsogolo pawo, uli nganganga.

Lolemba anatsekula shopu mochedwa, miyendo ikukana masitepe awiri a pakhomo. Anatulutsa kachitini pansi pa benchi, anaikamo kaulusi kaja, n'kutulutsa phula. Chala chawo sichinakwane m'kabowo kaja, chinali chachikulu. Analitembenuza phulalo, n'kuyamba mbali ina. Ulusi wosapaka anaukoleka pa msomali wa pachitseko, chifukwa mwendo sukanawongoka. Woyamba unatuluka wosasalala, phula lochuluka apa, lochepa apo. Wachiwiri unali bwinoko.

Cha m'ma teni minibasi inaima kutsidya kwa mseu. Dalaivala anawoloka akutsimphina, akukoka phazi la mabuleki.

"Amisiri! Mwadzuka, kapena akudzutsani? Ine thupi lonse ndi la wina."

Amisiri anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka pansi, n'kumukankhira kampando ndi phazi. Analoza ndi singano.

"Vulani imeneyo."